Matenda Odza ndi Chilala Amayambira M'munda ndi M'nkhokwe

Chaka cha 2024 chinakumbutsa maiko a kummwera kwa Africa za chilala choopsa cha mu 1992. Dziko la Zambia linalengeza pa 29 Febuluwale kuti lagwa m'ngozi ya chilala. Dziko la Malawi linatsatira pa 23 Malichi, ndipo linatchula maboma 23 mwa maboma ake 28. La Zimbabwe linalengeza pa 3 Epulo. Chaka chimodzi chokha m'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe wotchedwa Freddy anali atakokolola minda ndi midzi kummwera kwa Malawi ndi m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Akatswiri a zanyengo amagwirizana kuti pamene dziko lapansi likunka litentherabe, chigawo chino chiyenera kuyembekezera chilala chobwera pafupipafupi ndiponso mvula yogwa mwamphamvu m'kanthawi kochepa.

Pa chifukwa chimenechi maiko akhala akulemba ndondomeko zokonzekera kusintha kwa nyengo. Pa msonkhano wa ku Cancun mu 2010 anagwirizana zoti maiko osauka athandizidwe kukonza ndondomeko zoterezi, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalimbikitsa kuti m'ndondomekozo muzikhala gawo la umoyo wa anthu. Mu 2023 ku Dubai, msonkhano waukulu wa zanyengo unapatula tsiku lokambirana za umoyo kwa nthawi yoyamba. Zonsezi n'zoyamikika. Vuto n'lakuti ntchitoyi ikafika kumudzi imagawika pawiri. A zamalimidwe amawerenga matumba a chimanga ndi mbewu zopirira chilala, pamene a zaumoyo amawerenga mankhwala, katemera ndi mabedi a m'chipatala. Chonsecho matenda angapo oopsa amene amabwera ndi nyengo yoipa amayambira m'munda, pamtondo ndi m'nkhokwe, kudakali miyezi kuti wodwala afike kuchipatala. Wantchito wa boma amene amakhala pafupi pa nthawi imeneyo ndi mlangizi wa zaulimi. Motero ndondomeko yoteteza umoyo imene yamusiya kunja mlangiziyu ndi yoperewera, ndipo langizo lililonse lolimbana ndi chilala liyenera kuperekedwa pamodzi ndi langizo la umoyo lomwe limayenda nalo.

Chinangwa

Chilala cha 1992 chinatsitsa zokolola za chimanga ku Malawi kuposa theka, ndipo ku Zimbabwe zinatsika koposa pamenepo. M'zaka zotsatira maunduna a zamalimidwe pamodzi ndi ofufuza, kuphatikizapo bungwe la SARRNET, anachulukitsa ndi kugawa mbewu ya chinangwa ndi mbatata. Linali langizo lanzeru, ndipo mabanja ambiri apulumukira pomwepo. Komabe chinangwa, makamaka chowawa, chili ndi poizoni wotchedwa cyanide, ndipo poizoniyu amachuluka pamene mbewuyo yakulira m'nthaka youma. Anthu a m'madera amene akhala akulima chinangwa kuyambira kale, monga a ku Nkhata Bay ndi a ku Luapula, amadziwa kuchisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chitafewa, ndi kuchiyanika asanasinje ufa. Chaka cha chilala chimasokoneza zonsezi nthawi imodzi. Poizoni amakhala atachuluka, madzi oviikira amasowa, mayi amene ana ake akulira ndi njala sangadikire masiku anayi, ndipo nyemba, mtedza ndi nsomba, zomwe zimathandiza thupi kuchotsa poizoniyo, zimakhala zitatha.

Zotsatira zake zinaoneka m'chigawo cha Nampula kumpoto kwa Mozambique m'chilala cha 1981, pamene anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo ana ndi amayi, anauma miyendo mwadzidzidzi. Kumeneko matendawa amatchedwa mantakassa. Madokotala amawatcha konzo, dzina lochokera ku Congo kumene analembedwa koyamba mu 1938. Munthu amagona ali bwinobwino, nadzuka miyendo yonse iwiri itakungika, ndipo kulumala kumeneku sikuchira. Matendawa anabukanso ku Nampula kumapeto kwa nkhondo mu 1992 ndi 1993, ndiponso m'chilala cha 2005 ku Nampula ndi ku Zambezia. Chipatala chilibe mankhwala obwezeretsa miyendo yotere. Chitetezo chonse chagona pa kakonzedwe ka chakudya.

Choncho mlangizi amene akugawa mbewu ya chinangwa m'dera la anthu ozolowera chimanga chokha ayenera kunena poyera ngati mtunduwo ndi wowawa, ndi kuphunzitsa kakonzedwe kake tsiku lomwelo, makamaka kwa amayi amene adzachiphike. Kumene madzi oviikira asowa ilipo njira ina imene inayesedwa ku Mozambique ndipo inathandiza kuletsa konzo m'midzi ina ya ku Congo. Ufa wa chinangwa umasakanizidwa ndi madzi pang'ono kufikira utanyowa wonse, kenaka umayalidwa mopyapyala m'lichero kapena pamphasa kwa maola asanu pamthunzi, kapena maola awiri padzuwa, kuti poizoni atuluke ngati mpweya. Nsima yake imaphikidwa tsiku lomwelo. Njira imeneyi sifuna ndalama, koma banja limene silinaphunzitsidwe silingaidziwe. N'kofunikanso kuti mbewu ya chinangwa izigawidwa pamodzi ndi ya nandolo kapena khobwe, kuti mbale ya kondowole isakhale yokha.

Chuku

Langizo lina lomwe limamveka m'zaka za mvula yosadalirika ndi lakuti alimi asadalire chimanga chokha koma alimenso mtedza. Nalonso ndi loyenera. Koma ng'amba ikagwa m'masabata omaliza mtedza usanakhwime, nthaka n'kutentha, makoko amafooka ndi kung'aluka, ndipo chuku cha m'nthaka chotchedwa Aspergillus flavus chimalowa. Chimanga nachonso chimagwidwa chikafooka ndi dzuwa kapena chikabooledwa ndi mbozi. Chukuchi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amaonjezereka ngati zokolola zanyowa ndi mvula yochedwa kapena zasungidwa zisanaumitsitse. Poizoniyu satha ndi kuphika kapena kukazinga, ndipo ngakhale njere yooneka bwino ikhoza kukhala naye. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Poizoniyu akalowa wambiri m'thupi nthawi imodzi amaononga chiwindi, munthu nachita chikasu, natupa mimba, mwinanso kumwalira. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amayambitsa khansa ya m'chiwindi, makamaka kwa anthu amene ali kale ndi matenda a hepatitis B, ndipo ofufuza apeza kuti ana odya chakudya chotere kawirikawiri amakhala opinimbira. Umboni wa kuopsa kwake unachokera kum'mawa kwa Kenya mu 2004. M'maboma a Makueni ndi Kitui chimanga chomwe chinakula movutika ndi chilala chinakololedwa mvula ikugwa, anthu nachisunga m'nyumba chili chachinyezi. Anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira. M'chigawo chino chenjezo linamveka mu Ogasiti 2024, chaka cha chilala chija, pamene Unduna wa Zaumoyo ku Zambia unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoniyu, ndipo ufa wina unachotsedwa pamsika.

Pali chinthu china chimene mlangizi amachiona chaka chilichonse koma sichilembedwa m'malipoti. Mlimi akaphunzitsidwa kusankha mtedza kuti apeze mtengo wabwino, wabwinowo umapita kumsika, ndipo wonyala, wosweka ndi wachuku umatsala pakhomo. Umenewo ndiwo umasanduka nsinjiro zotendera ndiwo ndi zothira m'phala la mwana. Chimanga choola chimapita kwa nkhuku ndi ng'ombe, ndipo poizoniyo amadutsira mumkaka. Motero phunziro la kusankha mtedza likathera pa za msika, poizoni wa m'munda wonse amaunjikana m'mbale ya banja lomwe linaulima. Mlangizi ayenera kulimaliza phunzirolo: kubzala ndi mvula yoyamba kuti mbewu ikhwime ng'amba isanafike, kusunga chinyezi m'mizere ndi kuphimbira nthaka, kukolola pa nthawi yake, kuyanika pathandala kapena pamphasa m'malo mwa padothi, kuleka kuwaza madzi pa mtedza pofuna kufewetsa makoko poswa, ndi kukwirira kapena kutentha njere zachuku.

Nsima yopanda ndiwo

Mvula ikakanika kapena madzi akasefukira, thandizo limene limafika msanga ndi chimanga. Mimba imakhuta, koma thupi lodya chimanga chokha kwa miyezi ingapo limasowa vitamini wotchedwa niacin, ndipo limagwidwa matenda a pellagra. Khungu limada ndi kusupuka m'malo oombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi m'manja, munthu amatsegula m'mimba, ndipo pamapeto pake amasokonezeka mutu. Mu 1990, pamene kugawa mtedza kunaima kwa miyezi ingapo pakati pa anthu othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali kummwera kwa Malawi, anthu oposa 18,000 anapezeka ndi matendawa pakati pa Febuluwale ndi Okotobala. Ofufuza anapeza kuti mabanja amene anali ndi kadimba kawo, kapena amene ankapeza mtedza ndi nsomba, anagwidwa mochepa. Chimene chinasonkhanitsa anthuwo m'misasa chinali nkhondo, koma moyo wa m'misasa ya anthu othawa madzi osefukira, ndi wa m'midzi yodalira chimanga cha thandizo, ndi wofanana ndi umenewo. Ndondomeko yokonzekera chaka choipa iyenera kuwerengera mbewu za nyemba, mtedza ndi masamba zoti zibzalidwe m'madimba, monga momwe imawerengera matumba a chimanga.

Madzi

Palibe ndondomeko yolimbana ndi chilala imene simatchula madamu ndi ulimi wothirira, ndipo n'zoona kuti popanda zimenezi chigawo chino sichingadzidyetse. Koma walira mvula walira matope. Madzi odikha m'ngalande zodzala udzu ndi malo oswanirana nkhono zofalitsa likodzo, ndipo zithaphwi za m'mbali mwa minda zimasunga udzudzu wa malungo ngakhale m'chilimwe. Zimenezi zikhoza kupewedwa ngati zaganiziridwa pomanga. M'zaka za m'ma 1980, pa sikimu ya Mushandike pafupi ndi Masvingo ku Zimbabwe, akatswiri a zomangamanga ndi a zaumoyo anagwirira ntchito pamodzi. Ngalande zinamangidwa ndi simenti kuti madzi azithamanga, zinakonzedwa moti zizitha kuumitsidwa nthawi ndi nthawi kuti nkhono zife, ndipo midzi inapatsidwa zimbudzi ndi madzi akumwa otetezedwa kuti anthu asamasambe ndi kuchapa m'ngalandemo. Nzeru imeneyo yakhalapo kwa zaka pafupifupi makumi anayi, ndipo iyenera kufunsidwa pa sikimu iliyonse yatsopano, ingachepe bwanji.

Madzi omwewo ndiwo njira ya kolera. M'chilala anthu ndi ziweto amamwera pa chitsime chimodzi cha m'dimba, ndipo madzi akasefukira zonyansa za m'zimbudzi zimathera m'zitsime. Mliri wa kolera umene unayamba ku Malawi mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana, unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Ku Zambia mliri umene unayamba mu Okotobala 2023 unapha anthu oposa 700. Ntchito yaikulu yothana ndi kolera ili m'manja mwa a zaumoyo ndi a zamadzi. Komabe mlangizi wa zaulimi ndiye amafunsidwa malo okumba chitsime cha m'dimba, omanga khola ndi omwetsera ziweto, ndipo ndiye amayamba kudziwa kuti mjigo wa m'mudzi waphwa ndipo anthu ayamba kumwa madzi othirira mbewu.

Zotsutsa zoyenera kuzimvera

Ena adzanena kuti alangizi ndi ochepa kale, kuti m'madera ambiri mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo kuwasenzetsa za umoyo ndi kuwaonjezera katundu. Kuchepa kwa alangizi ndi koona. Koma zimene zikufunika pano sizimuchotsa mlangizi pa ntchito yake. Kakonzedwe ka chinangwa, kayanikidwe ka mtedza ndi kasamalidwe ka ngalande ndi maphunziro a ulimi kale. Chosowa ndi kuwamaliza pofotokoza zimene zimachitika m'thupi la munthu akanyalanyazidwa. Mlangizi sayenera kupima wodwala kapena kupereka mankhwala. Udindo wake ndi kuona, kuchenjeza, ndi kudziwitsa mnzake wa zaumoyo.

Ena adzanena kuti kulankhula za poizoni kudzaopseza alimi mpaka kusiya chinangwa ndi mtedza, mbewu zomwe zimawapulumutsa ku njala. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo n'chifukwa chake chenjezo siliyenera kuperekedwa popanda njira yopewera. Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi amadziwa bwino lomwe kuti chinangwa chowawa chimapha, koma sanachisiye, popeza amadziwa kuchikonza. Mphekesera zobuka mwana atalumala kale ndizo zimathawitsa anthu mbewu.

Chotsutsa cholemera koposa ndi chakuti banja lanjala silingataye chakudya. Kuuza mayi amene watsala ndi thumba limodzi la chimanga chachuku kuti alikwirire, popanda kumupatsa china, ndi kulankhula kwa munthu wokhuta. Pamenepa ulangizi paokha sukwanira, ndipo m'pamene ndondomeko ya boma iyenera kugwira ntchito. Lipoti la mlangizi lonena kuti mudzi wakutiwakuti wayamba kudya chimanga choola, kapena kufupikitsa masiku oviika chinangwa, liyenera kutengedwa ngati chizindikiro cha ngozi chofanana ndi lipoti la chipatala, ndipo liyenera kufulumizitsa thandizo la chakudya kumudziko. Ngati lipoti lotere lilibe koliyendetsa, ndondomekoyo ndi yongolembedwa papepala.

Zoyenera kulowa m'ndondomeko

Choyamba ndi kukhala ndi kalendala imodzi. Kuyambira pa msonkhano wa ku Kadoma ku Zimbabwe mu 1997, akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC amakumana chaka ndi chaka mvula isanayambe, pa msonkhano wotchedwa SARCOF, kulosera za kagwedwe ka mvula. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2006 anasonyeza kuti ku Botswana kulosera kotere kukhoza kuchenjeza za chaka cha malungo ambiri kudakali miyezi. Ulosi umenewu ukatuluka, mkulu wa zamalimidwe ndi mkulu wa zaumoyo m'boma lililonse ayenera kukhala pansi pamodzi ndi kugwirizana za matenda amene chakacho chingabweretse, midzi imene ili pa chiopsezo, ndi uthenga umodzi woti alangizi a mbali zonse ziwiri akanene. Mlimi amasokonezeka akamva zosiyana kwa anthu awiri otumidwa ndi boma limodzi.

Chachiwiri ndi kuonjezera mafunso ochepa pa lipoti la mwezi ndi mwezi la mlangizi. Kodi ng'amba inagwa pamene mtedza ndi chimanga zinali kukhwima? Kodi mvula inanyowetsa zokolola? Kodi anthu akuviika chinangwa masiku angati? Kodi mabanja akudya ndiwo zanji? Kodi madzi akumwa akutungidwa kuti? Mayankho a mafunso asanu amenewa safuna makina, ndipo ayenera kufika ku chipatala chaching'ono cha m'deralo, osangokwera kupita ku likulu.

Chachitatu ndi kudziwitsana kudutsa malire. Ng'amba yogwa ku Mchinji imagwanso ku Chipata, ndipo mvula yochedwa ya ku Dedza ndi yomwe imagwa ku Angonia. Chimanga ndi mtedza zimaoloka malire amenewa tsiku ndi tsiku panjinga ndi pamutu, monga zimachitiranso pakati pa Mutare ndi Manica. Thumba lachuku lokanidwa pa msika wina limakagulitsidwa tsidya lina. Alangizi a m'maboma oyandikana, amene ambiri a iwo amalankhula chiyankhulo chimodzi, ayenera kukhala ndi chilolezo ndi njira yochenjezana mwachindunji, popanda kudikira kuti kalata izungulire m'malikulu a maiko awiri. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi ndi kusintha muyeso wa chipambano. Ntchito yogawa mbewu ya chinangwa imayamikiridwa powerenga mahekitala obzalidwa, ya mtedza powerenga matani ogulitsidwa, ya ulimi wothirira powerenga makilomita a ngalande. Miyeso imeneyi ndi yofunika, koma pambali pake payenera kulembedwa chiwerengero cha mabanja amene anaphunzira kukonza chinangwa, kumene kunapita mtedza wokanidwa pa msika, ndi kuchuluka kwa ana a sukulu okodza magazi m'midzi yozungulira sikimu. Wantchito aliyense amasamala chimene akulu ake amamufunsa, ndipo mafunso amenewa akayamba kufunsidwa, ntchito ya kumudzi idzasintha.

Zaka za mvula yoipa zidzabweranso, ndipo alangizi adzatumidwanso kukanena za chinangwa, mtedza ndi ulimi wothirira, monga n'koyenera. Mlangizi aliyense, asanapite ku msonkhano wotsatira wa alimi, angachite bwino kudutsira pa chipatala cha m'dera lake, kukadziwana ndi mlangizi wa zaumoyo, ndi kumuitana kuti akakhale naye pa msonkhanowo. Kutero sikufuna ndalama za thandizo kapena chilolezo chochokera ku likulu, ndipo kungayambike mvula ya chaka chino isanagwe.